Mafunso ndi mayankho: ndi ntchito iti yokuyenerani pa kupanga magemu?

Mafunso awa amatifika kawirikawiri kuchokera kwa achinyamata a ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena pamaso, ena pa WhatsApp. Ambiri mwa ofunsa ali Fomu 3 kapena Fomu 4, ena angolemba kumene MSCE, ena ali ku koleji, ndipo funso limodzi ndi la makolo. Tayamba ndi osavuta. Pamene yankho lili kale pa funso lina, takulozerani komweko.

Kodi kupanga magemu si ntchito imodzi?

Ayi. Gemu ya mpira kapena ya GTA imene anyamata amalipira kuti asewere m'timashopu ta PlayStation pamsika imapangidwa ndi anthu mazanamazana kwa zaka zingapo, ndipo ambiri mwa iwo sangathe kugwira ntchito ya mnzawo wa pa desiki yoyandikana nayo. Ife a kuno izi sizingatidabwitse. Tiyi asanafike m'kapu amadutsa kwa wothyola, kwa woyeza pasikelo, kwa oyendetsa makina m'fakitale, ndi kwa wolawa amene amanena ngati masamba atuluka bwino. Onsewo ndi a tiyi, koma luso lawo si limodzi.

Pa magemu, magulu akuluakulu alipo 6. Olemba mapulogalamu ndi amene amachititsa kuti batani likadinidwa, kanthu kachitike. Okonza kaseweredwe amaika malamulo a gemu ndi kusanja zovuta zimene wosewera akumane nazo. Ojambula amapanga chilichonse chooneka ndi maso. Pali a nyimbo ndi maphokoso, pali oyesa gemu kuti apeze zolakwika, komanso woyendetsa ntchito amene amaonetsetsa kuti zonse zithe pa nthawi yake. Pa malonda a ntchito mudzawapeza atalembedwa kuti programmer, game designer, artist, sound designer, QA tester ndi producer, ndipo ndi mayina amenewa amene muzifufuzira pa intaneti.

Ndimakonda kusewera magemu kwambiri. Kodi zimenezi sizikukwanira?

Ndi poyambira pabwino, koma pokhapo sipakwanira. Wosewera amalandira chinthu chimene chatha kale, chosalala, chokoma. Wopanga amakhala miyezi ndi chinthu chimene sichinathe, chonyansa m'maso, chimene chimazima chokha. Alipo akatswiri osewera amene amatopa ndi ntchito yopanga sabata isanathe, ndipo alipo opanga aluso amene sasewera bwino n'komwe.

Chizindikiro chabwino ndi ichi: mukagonja pa gemu, kodi mumangoyambiranso, kapena mumadzifunsa chifukwa chimene mdani uja anatulukira pamalo amenewo, pa nthawi imeneyo? Ngati mumafunsa mafunso otere, pitirizani kuwerenga.

Ndiye ndingadziwe bwanji ntchito yondiyenera?

Njira imene timaikhulupirira ndi imodzi. Pangani kagemu kakang'ono kwambiri, nokha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuti dzanja lanu likhudze mbali zonse. Kasakhale ka mpira wa anthu 22. Kakhale ngati aka: wonyamula katundu wa alendo akuchoka pa Likhubula kukwera ku Chambe paphiri la Mulanje, akudumpha miyala ndi timitsinje, akagwa ayambirenso. Batani limodzi lokha, lodumphira. M'masabata awiri kapena atatu mukhala mutalemba khodi (malangizo amene kompyuta imatsatira) pang'ono, mwajambula kamunthu, mwaika phokoso, mwasanja miyala, mwapatsa mnzanu kuti ayese.

Kenako pachitika chimene chimachitikira aliyense: kamunthuko kakadumpha, sikakoma. Kakuoneka ngati kakuyandama m'mwamba. Apa mpamene muyenera kudzimvetsera bwino, chifukwa anthu 6 ataimirira kumbuyo kwanu, aliyense angaone chake. Wa mapulogalamu angathamangire ku nambala imene ikukokera kamunthuko pansi, n'kuisintha kuti kazitsika msanga kuposa mmene kakwerera. Wokonza kaseweredwe angafunse ngati mpata wa pakati pa miyala iwiriyo uli wachilungamo kwa munthu amene wangoyamba kumene. Wojambula anganene kuti mawondo sakupinda kasananyamuke, ndiponso mtolo wa pamutu wangouma gwa m'malo mogwedezeka. Wa maphokoso wamva kuti phazi likutera pamwala popanda kulira. Woyesa wapeza kale kuti ukadina kawiri m'mphepete mwa mwala, kamunthuko kamalowa m'kati n'kukanirira momwemo. Woyendetsa ntchito akufunsa kuti mwa zonsezi ndi ziti zingatheke Lachisanu lisanafike.

Inuyo munayamba kuona chiti? Ndipo ndi chiti chimene munabwerera kukakonza usiku popanda wokutumani? Yankho lanu lili pamenepo. Musasankhe ntchito chifukwa dzina lake likumveka bwino, kapena chifukwa cha gemu imene mumaikonda. Sankhani mtundu wa vuto limene mungalolere kukhala nalo tsiku lonse osanyansidwa nalo, pakuti ntchito zonsezi nthawi yambiri zimakhala za kulimbana ndi chinthu chimene chikukana.

Mukatero, dziyeseni pagulu. Pali mipikisano imene anthu amapanga gemu m'masiku ochepa, yotchedwa game jam. Global Game Jam imachitika mu Januwale chaka chilichonse kuyambira 2009 ndipo imatenga maola 48. Ludum Dare, imene inayamba mu 2002, imachitikira pa intaneti, ndipo pa itch.io, webusaiti yoikapo magemu, pamakhala mipikisano yotere pafupifupi nthawi zonse. Nthawi ikachepa, munthu aliyense amathamangira ntchito imene amaidziwa mumtima kuti ndi yake.

Wolemba mapulogalamu amachita chiyani kwenikweni? Kodi pamafunika masamu ambiri?

Amalemba malangizo amene kompyuta imatsatira: kuyenda kwa kamunthu, kugundana kwa zinthu, nzeru za adani, kusunga pamene wosewera walekezera. M'makampani akuluakulu ntchitoyi imagawidwanso. Ena amalemba za kaseweredwe, ena amapangira anzawo zida zogwirira ntchito, ena amalimbana ndi zithunzi kuti zizituluka mwachangu, ena ndi a netiweki kuti anthu a kutali azisewera pamodzi. Chilankhulo cholembera khodi chimadalira injini, pulogalamu yopangira magemu imene mukugwiritsa ntchito: C# pa Unity, C++ pa Unreal Engine, GDScript pa Godot.

Masamu amafunika, koma poyamba si oopsa. Ma vector, trigonometry ndi ma graph amene mukuphunzira ku sekondale ndi omwewo amene amauza chipolopolo kolowera ndi mpira pogwera. Ambiri amawamvetsa bwino akawaona akuyendetsa chinthu pa sikirini kusiyana ndi pabolodi. Chimene chimagwetsa anthu si masamu, koma kuleza mtima. Tsiku lambiri limathera pa kuwerenga uthenga wa cholakwika, kusintha mzere umodzi, kuyesanso, n'kupeza kuti vuto lili kwina.

Pali luso limodzi limene munthu wa kuno angalikulitse mosavuta kuposa wa ku Ulaya: kuchititsa gemu kuti iziyenda bwino pa foni yotsika mtengo ya itel kapena Tecno, osatenthetsa foni, osamaliza batire, osadya bandulo potsitsa. Mafoni amenewo ndi amene tili nawo m'thumba, ndipo aliyense wofuna kugulitsa gemu mu Africa amafuna munthu wodziwa zimenezi.

Ndili ndi maganizo a gemu yabwino kwambiri. Ndikhale game designer?

Funso ili ndi limene timafunsidwa kuposa onse, ndipo yankho lake ena limawawawa. Palibe kampani imene imalemba munthu ntchito yongobweretsa maganizo. Aliyense m'gulu ali nawo maganizo, ochuluka kuposa amene angapangidwe. Wokonza kaseweredwe amalipidwa chifukwa chosandutsa ganizo kukhala malamulo, manambala ndi malo oseweramo, kenako n'kuziyesa pa anthu enieni ndi kutaya zimene sizikugwira, ngakhale zikhale zimene amazikonda.

Mungadziyese lero lomwe popanda kompyuta. Tengani bawo, la mabowo 32 m'mizere inayi lija, musinthe lamulo limodzi lokha. Mwina chepetsani njere zoyambira, mwina letsani kudya kawiri motsatizana. Itanani anthu awiri odziwa bawo asewere, inu mukhale pambali, pakamwa potseka. Musawafotokozere chimene mumafuna chichitike. Onani ngati masewero atalika kapena afupika, ngati woyamba kuseweza ndiye akungopambana, ndi pamene mmodzi wayamba kuyang'ana kumbali chifukwa chotopa. Lembani zimene mwaona, musinthenso, muyesenso mawa. Mungachite chimodzimodzi ndi fulaye kapena phada. Ngati ntchito yoyang'ana, kulemba ndi kusinthayi yakukomerani kuposa kusewera kumene, ndinu wokonza kaseweredwe.

Dziwaninso kuti ntchitoyi ili ndi nthambi. Wina amasanja malo oseweramo, kuika mwala apa, mdani apo. Wina amakhala pa Excel tsiku lonse kuwerengera mitengo ya zinthu za m'gemu ndi mphamvu za zida. Mipata ya oyamba kumene ndi yochepa kwambiri, ndipo ambiri amalowa kudzera khomo lina. Shigeru Miyamoto, amene anapanga Mario, analowa ku Nintendo mu 1977 ngati wojambula, ndipo Donkey Kong inabwera mu 1981. Langizo lathu ndi lakuti phunzirani khodi yokwanira kuti muzitha kumanga nokha chimene mwaganiza. Wokonza kaseweredwe amene amadikira mnzake kuti amumangire chilichonse amachedwa kuphunzira.

Ndimajambula bwino papepala. Ndilowe mbali iti?

Pensulo ndi maziko abwino, musaitaye. Koma ambiri akamati akufuna kujambula za magemu amatanthauza kujambula zithunzi zoyamba za anthu ndi malo, zimene anzawo amaonera pomanga. Mbali imeneyo ndi imene ili ndi opikisana ochuluka, mipata yochepa, ndipo mapulogalamu a AI otulutsa zithunzi aifinya kwambiri.

Ntchito zambiri zili kwina. Pali owumba zinthu za 3D: nyumba, mitengo, galimoto, mipando. Pali oika mafupa m'kati mwa kamunthu kuti kazipinda, ndi oyendetsa mafupawo kuti kuyenda kuoneke kwamoyo. Pali okonza mabatani ndi ma menu, ntchito imene ambiri amainyoza koma gemu iliyonse ya pafoni imaifuna. Ndipo pali technical artist, munthu wodziwa zojambula ndi khodi yomwe, amene makampani amavutika kumupeza.

Zida zilipo zaulere. Blender ndi ya 3D, Krita ndi ya kujambula, Inkscape ndi ya zizindikiro ndi mabatani. Yambani ndi chinthu chimene mungachigwire m'manja: mbaula, dengu lothyolera tiyi, njinga ya kabaza ndi khushoni yake ya kumbuyo. Mukachiwumba, chichepetseni mpaka chizitseguka pa foni osachedwa koma chikuonekabe kuti ndi chomwecho. Apa mpamene wojambula wa magemu amasiyana ndi wojambula wamba: chithunzi chake chiyenera kukoma komanso kupepuka.

Ndimapanga ma beat pa FL Studio. Kodi pali malo anga?

Alipo, ngakhale ndi ochepa, chifukwa gulu la anthu 20 likhoza kukhala ndi wa maphokoso mmodzi yekha, nthawi zambiri wa ganyu. Dziwani kuti nyimbo ya gemu ilibe utali wodziwika. Wosewera wina adutsa malo ena m'mphindi imodzi, wina akhalapo theka la ola, choncho nyimboyo iyenera kuzungulira osatopetsa, ndi kusintha yokha mdani akayandikira. Zida zochitira zimenezi ndi FMOD ndi Wwise, ndipo wodziwa chimodzi mwa izi amaposa wongopanga nyimbo.

Ntchito yambiri si nyimbo ayi, ndi maphokoso. Tengani foni mujambule mvula pamalata, madzi a pa Dziwe la Nkhalamba, chitseko cha shopu, phazi pamasamba ouma. Phazilo mulijambule kangapo, chifukwa phokoso limodzi likamabwerezedwa khutu limazindikira msanga. Muziyeretse pa Audacity, muziike mu kagemu ka mnzanu. Mukafuna ng'oma za tchopa, gule wa Alhomwe amene UNESCO inamuika pa mndandanda wake mu 2014, kaonaneni ndi eni gule, muwauze kumene mawuwo akupita, ndipo muwalipire.

Ndamva kuti QA tester amalipidwa chifukwa chosewera magemu. Ndi zoona?

Amalipidwa chifukwa chothyola gemu mwadongosolo. Akhoza kutha tsiku lonse akugunditsa kamunthu pakhoma lililonse la chipinda chimodzi, kapena kuzimitsa intaneti pakati pa kulipira kuti aone chimene chichitike. Luso lake lenileni ndi kulemba. Kunena kuti "gemu yawonongeka" si lipoti. Lipoti labwino limamveka chonchi: "Pa foni ya itel ya Android 11, gawo lachiwiri, ndikaima m'mphepete mwa mwala wachitatu n'kudina kudumpha kawiri motsatizana, kamunthu kamalowa m'mwala. Zachitika maulendo 7 mwa 10. Vidiyo ndaika." Wa mapulogalamu akawerenga zimenezi amadziwa poyambira.

Malipiro ake kawirikawiri amakhala otsika kuposa a magulu ena, ndipo ntchito zambiri ndi za kontirakiti. Ubwino wake ndi woti safuna kompyuta yamphamvu poyamba, amakuonetsani mmene gemu yonse imalumikizirana, ndipo luso lomwelo limafunika kulikonse kumene amapanga mapulogalamu, ngakhale a mabanki. Ena amadutsirapo kupita ku ntchito yokonza kaseweredwe kapena yoyendetsa gulu, ena amakhazikika pomwepo n'kukhala akatswiri.

Sindidziwa khodi, sindijambula. Nanga ine?

Ngati ndinu munthu amene kutchalitchi kapena kusukulu amakupatsani kusonkhetsa ndalama ndi kukumbutsa anthu tsiku la msonkhano, ganizirani za producer. Iye salamula za kaseweredwe. Amagawa ntchito m'tizidutswa, amadziwa amene akudikira mnzake, ndipo amalimba mtima kunena kuti gawo lachitatu lichotsedwe kuti awiri oyambawo athe.

Ngati mumakonda kulemba nthano, tsitsani Twine, pulogalamu yaulere yolembera nkhani zimene wowerenga amasankha kolowera. Mudzaona msanga kuti kulemba nkhani ya mphanda zambiri n'kosiyana ndi kulemba chimangirizo. Mipata yolipidwa ya olemba ndi yochepa, monga muonere pa funso la ndalama kutsogoloku.

Ndine mtsikana. M'mashopu a magemu mumadzaza anyamata okhaokha. Ndingakwanitse?

Mungakwanitse, ndipo magemu sapangidwira m'mashopu amenewo. Carol Shaw analemba yekha River Raid imene inatuluka mu 1982. Roberta Williams ndiye anakonza King's Quest ya mu 1984. Kuno kwathu, mHub ya ku Lilongwe, malo ophunzitsira achinyamata za tekinoloje, anayambitsa ndi Rachel Sibande. Chenjezo lathu ndi limodzi: mukalowa gulu, musalole kuti akupatseni ntchito yolemba maminitsi kapena yosankha mitundu pamene inu mumafuna khodi. Nenani tsiku loyamba lomwe chimene mwabwerera.

Ndikaphunzire kuti, ndipo digiri ndi yofunika?

Simufunika digiri ya magemu. Wofuna kulemba mapulogalamu apindula ndi maphunziro a kompyuta wamba. MUST ili pakhomo pathu pomwe, ku Ndata m'boma la Thyolo, inatsegulidwa mu 2014 ndipo ili ndi maphunziro ngati Computer Systems and Security ndi Business Information Technology. UNIMA ku Zomba ili ndi Computer Science, ndipo MUBAS ku Blantyre ndi Mzuzu University nazonso zimaphunzitsa za ICT. Kumeneko mukapeza maziko ndi anzanu opanga nawo gulu, koma injini ya magemu mudzaiphunzira nokha madzulo. Ngati muli ku sekondale, limbikirani masamu, physics ndi Chingerezi, chifukwa malangizo onse a zida izi ali m'Chingerezi.

Kwa ojambula, a maphokoso ndi okonza kaseweredwe, olemba ntchito amayang'ana zimene mwapanga asanayang'ane satifiketi. Digiri imathandiza kwambiri pofuna chilolezo chokagwira ntchito kunja. Zaulere pa intaneti zilipo: CS50 ya Harvard ya oyamba khodi, Unity Learn, ndi malangizo a Godot amene ali ndi phunziro lopanga gemu yoyamba. Maliyo Games ya ku Lagos yakhala ikuyendetsa maphunziro otchedwa GameUp Africa, muziyang'ana akalengeza.

Ndilibe laputopu yamphamvu, magetsi amavutanso. Ndiyambe ndi injini iti?

Yambani ndi Godot. Ndi yaulere kotheratu, salipiritsa kanthu ngakhale gemu yanu igulidwe bwanji, ndi yaing'ono moti mnzanu angakupatseni pa flash, ndipo imayenda pa laputopu yakale. Anaiyambitsa ndi Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina, n'kuitsegulira aliyense mu 2014. Ilinso ndi mtundu woyenda pa foni ya Android. Wosafuna kuyamba ndi khodi ayese GDevelop kapena Scratch.

Unity imalemera pa kompyuta, koma ndi imene makampani ambiri a magemu a pafoni amagwiritsa ntchito, choncho wofuna kulembedwa ntchito adzaifika ndithu. Ndi yaulere mpaka mutayamba kupeza madola 200,000 pachaka. Unreal Engine imafuna kompyuta yamphamvu ndi bandulo yaikulu, ndipo eni ake, Epic Games, amatenga 5 peresenti gemu ikadutsa madola 1 miliyoni. Musamangirire mtima pa chida chimodzi. Mu Seputembala 2023 Unity inalengeza kuti izilipiritsa potengera kuchuluka kwa anthu otsitsa gemu, opanga ambiri anakwiya n'kusamukira kwina, ndipo patatha chaka inasiya ganizolo. Amene ankadziwa maziko anasamuka mosavuta.

Pa za magetsi, laputopu ya batire yamoyo iposa kompyuta yaikulu ya patebulo. Phunzirani Git, chida chosunga mbiri ya zonse zimene mwasintha mu khodi, sabata yoyamba yomwe, ndipo muzitumiza ntchito yanu pa GitHub, webusaiti yosungirapo khodi, nthawi iliyonse mwapeza netiweki. Mavidiyo ophunzirira muzitsitsa ndi bandulo ya usiku n'kugawana.

Ndi ntchito iti imene ingandidyetse ndili konkuno?

Tikuuzani mosabisa. Simudzaona malonda a ntchito za magemu mu The Nation kapena The Daily Times sabata ndi sabata. Makampani a mu Africa alipo, koma ndi ochepa ndipo ambiri ndi aang'ono. Kiro'o Games ya ku Yaoundé inatulutsa Aurion mu 2016. Leti Arts inayamba mu 2009 ku Ghana ndi ku Kenya. Ku South Africa kuli Free Lives ya ku Cape Town, eni Broforce, ndi Nyamakop ya ku Johannesburg imene inatulutsa Semblance mu 2018. Carry1st imafalitsa magemu a pafoni m'maiko ambiri a mu Africa. Kunja nakonso zinthu sizili bwino: mu Januwale 2024 Microsoft inachotsa anthu 1,900 a mbali ya magemu, Unity pafupifupi 1,800, ndipo mwezi wotsatira Sony inachotsa pafupifupi 900.

Choncho maganizo athu ndi akuti munthu wa kuno asankhe ntchito imene ili ndi miyendo iwiri, imodzi m'magemu, ina kunja kwa magemu. Khodi ili patsogolo, chifukwa wa C# angalembenso mapulogalamu a maofesi. Yotsatira ndi 3D ndi kukonza ma menu, zimene otsatsa malonda ndi ojambula mapulani a nyumba amazifuna. Kenako kuyesa mapulogalamu ndi maphokoso. Kukonza kaseweredwe ndi kulemba nkhani ndi zokoma, koma pazokha n'zovuta kudyera muli ku Luchenza kapena pa Chitakale. Ngati mtima wanu uli kumeneko musakutaye, koma muphatikizepo luso lachiwiri.

Musaiwale magemu ophunzitsira. Matabuleti amene ana a pulayimale akuphunzirira kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, a pulogalamu ya onebillion, amagwiritsa luso lomweli: zithunzi, mawu, kudina, mphotho. Mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi nawonso amafuna zinthu zotere, ndipo wodziwa Chichewa ndi Chilhomwe ali ndi mwayi umene wakunja alibe.

Wofuna kugulitsa yekha adziwe mitengo. Google Play imafuna madola 25 kamodzi kokha, Apple madola 99 pachaka, Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta, madola 100 pa gemu iliyonse ndipo imatenga 30 peresenti ya zogulitsa. Pa itch.io mungaike kwaulere. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene tili nako, ndalama zimenezi si zochepa. Musanalipire kulikonse, werengani kaye njira imene sitoloyo imatumizira ndalama kwa opanga, muone ngati ingafike ku banki yanu.

Kodi sindingangopanga zonse ndekha?

Zimatheka. Eric Barone anapanga Stardew Valley yekha, khodi, zithunzi ndi nyimbo zomwe, koma zinamutengera zaka zinayi ndi theka isanatuluke mu 2016. Dong Nguyen wa ku Vietnam anatulutsa Flappy Bird mu 2013, kagemu ka batani limodzi. Nkhani zimenezi zimamveka chifukwa n'zosowa. Ambiri opanga okha amatulutsa gemu imene anthu ochepa okha amaiona.

Timalimbikitsa gulu la anthu awiri kapena atatu: wa khodi, wojambula, ndi wina wogwira maphokoso ndi kuyesa. M'gulu laling'ono aliyense amagwira ntchito ziwiri, choncho zamani pa imodzi, zinazo muzidziwe pang'ono kuti muzimvana ndi anzanu. Kagemu koyesera kamene tafotokoza pa funso lachitatu ndi kokhako kamene tikuti mupange nokha.

Ndionetse chiyani pofunsira ntchito?

Zinthu zitatu zimene zinatha zimaposa khumi zosiyidwa panjira. Wa mapulogalamu aike magemu oseweredwa pa itch.io ndi khodi yake pa GitHub. Wojambula aike ntchito zake zabwino zokhazokha pa ArtStation, ndipo aonetse masitepe, osati chithunzi chomaliza chokha. Wokonza kaseweredwe aonetse gawo limene anasanja, ndi tsamba limodzi lofotokoza zimene anasintha ataona anthu akusewera. Wa maphokoso atenge vidiyo ya kagemu kake, aonetse mawu akusintha ndi zochitika. Woyesa asonkhanitse malipoti ngati lija tapereka pamwambapa. Ngati munapanga pagulu, nenani mbali yeniyeni imene inali yanu.

Ndasankha kale, koma sikukundikomera. Ndachedwa kusintha?

Simunachedwe. Anthu amasuntha kwambiri pa ntchito zimenezi, ndipo chimene munaphunzira sichitayika: wojambula amene anayamba ndi khodi ndiye technical artist uja. Koma siyanitsani kutopa kwa mwezi wachiwiri, kumene aliyense amakumana nako, ndi kusakonda ntchito. Malizani kagemu kamodzi kaye, musinthe pambuyo pake.

Mwana wanga akuti akufuna kupanga magemu. Kodi si kutaya nthawi, kapena juga?

Bambo ndi mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, makamaka masiku ano pamene juga za pafoni zasokoneza achinyamata ambiri. Koma kupanga magemu ndi chinthu china. Njira yodziwira ndi yapafupi: mupempheni akuonetseni chimene wapanga yekha, ngakhale chikhale kabokosi kodumpha pa sikirini, ndipo akufotokozereni mmene chikuyendera. Mwana amene akupanga amakhala ndi choonetsa mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi zambiri masamu ndi Chingerezi chake zimakwera. Gwirizanani naye kuti sukulu isafe, ndipo muwerenge limodzi funso la ndalama lili pamwambapa, kuti asankhe luso limene lingamupezere ntchito ngakhale kunja kwa magemu. Ngati mungathe kumuthandiza ndi chinthu chimodzi, laputopu yakale ya batire yabwino ndi yokwanira.

Tikapanga gemu pagulu, mwini wake ndani?

Ngati simunalemberane kanthu, aliyense amakhala ndi umwini pa chimene anapanga: wojambula pa zithunzi zake, woimba pa nyimbo yake, wa khodi pa khodi yake. Mmodzi akakwiya n'kuchoka, akhoza kukuletsani kugwiritsa ntchito mbali yake. Choncho musanayambe, ngakhale muli apachibale, lembani tsamba limodzi: ndani akuchita chiyani, ndalama zikabwera zigawidwa bwanji, wochoka panjira asiya chiyani, ndipo akaunti ya sitolo ili m'dzina la yani. Aliyense asaine ndi kusunga kope lake. Ku Malawi nkhani zimenezi zili pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe loyang'anira ndi COSOMA.

Samalaninso ndi zinthu za eni. Nyimbo ya woimba wotchuka, chizindikiro cha timu ya mpira, kapena dzina ndi nkhope ya wosewera, zonsezi zimafuna chilolezo cholembedwa, ndipo sitolo ikhoza kuchotsa gemu yanu mwini wake akadandaula. Ngati gulu lanu lilibe wojambula kapena wa maphokoso, tengani zinthu zololedwa pa Kenney, OpenGameArt kapena Freesound, ndipo muwerenge chilolezo cha chinthu chilichonse pachokha. Cholembedwa kuti CC0 mungachigwiritse ntchito mmene mungafunire. Cha CC BY chimafuna kuti mutchule dzina la mwini wake m'gemumo, ndipo chokhala ndi NC sichiloledwa mu gemu yogulitsa.